M'mera mpoyamba: mkaka wachikasu ndi chitetezo chobwereka cha ana a ziweto

Ng'ombe ikaswa usiku, mwini khola amalawirira mbandakucha, ndipo mtima umakhala pansi akaona thole litaimirira, make akulinyambita. Amayang'ana ngati ndi lalikazi kapena lalimuna, amaona ngati nsengwa yatuluka, kenako maganizo amathamangira ku mkaka: ayamba liti kukama, anyamula liti chigubu kupita ku gulu la alimi a mkaka. Zimene zili m'mawere tsiku limenelo sizimukopa. Ndi mkaka wachikasu, wolemera, wonanda, umene ukauteleka pamoto umagwirana, ndipo kogulitsira mkaka saulandira. Ambiri amautcha chithuwi. Pa mkaka wonse umene ng'ombeyo idzatulutse m'miyezi ikubwerayo, uwu wokha ndi umene ulibe mtengo pamsika, komanso uwu wokha ndi umene moyo wa thole wakolekedwapo.

Imfa zambiri za mathole, ana a mbuzi ndi ana a nkhumba zimene timadandaula nazo pa sabata yachiwiri kapena mwezi woyamba zimakhala zitayambira pa tsiku lobadwa. Timati thole lafa ndi kutsekula m'mimba kapena chibayo, ndipo sitinama. Koma kuseri kwa matendawo kawirikawiri kumakhala maola angapo amene anadutsa tholelo lisanamwe chithuwi chokwanira. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyambira m'mimba mwa make.

Kubadwa chimanjamanja

Thupi la chiweto chachikulu limasunga mbiri ya nkhondo zonse zimene linamenyapo. Kachilombo koyambitsa matenda kakalowa, asilikali a m'thupi amakazindikira n'kusula zida zolimbana nako. Zidazo ndi timapuloteni toyenda m'magazi, timene akatswiri amati ma antibody kapena ma immunoglobulin, ndipo mtundu wake wochuluka kwambiri m'magazi umatchedwa IgG. Tingatiyerekeze ndi mivi, koma mivi yosankha: wosulidwira kachilombo kamodzi sulasa kena. Ng'ombe imene yakhala zaka zisanu m'khola limodzi, kuponda ndowe zomwezo ndi kumwa madzi a pamalo omwewo, ili ndi phodo lodzaza ndi mivi yolasa adani a pamalopo.

Mwana wa munthu amalandira mivi yotereyi asanabadwe. Mwa mayi woyembekezera, magazi ake amakhudza nsengwa mwachindunji, ndipo m'miyezi yomaliza nsengwayo imaolotsa IgG kupita nayo kwa mwana. Mwa ng'ombe sizili choncho. Pakati pa magazi a ng'ombe ndi a thole pali timinofu tambiri tosanjikizana, tolola chakudya ndi mpweya kudutsa koma totsekereza mapuloteni akuluakulu. Chotero thole limakhala m'mimba masiku pafupifupi 283 osalandira muvi ndi umodzi womwe. Mbuzi, nkhosa, nkhumba, abulu ndi mahatchi nazonso n'chimodzimodzi. Agalu ndi amphaka amaolotsako pang'ono chabe.

Sikuti thole lilibe asilikali ake. Alipo, koma sanaonepo nkhondo, ndipo pamafunika masabata angapo kuti asule mivi yokwanira kuteteza thupi. M'mimba mwa make munalibe tizilombo. Likangogwa pansi limagwera m'matope, m'ndowe ndi pakati pa ntchentche. Chilengedwe sichinaiwale thole. Chinangosamutsa nthawi yopereka chitetezo, kuchoka m'mimba kupita m'mawere. Chitetezo chimenechi thupi la thole silinachigwirire ntchito, langochilandira chopangidwa kale, n'chifukwa chake tikuchitcha chobwereka.

Mmene zinadziwikira

Abusa anadziwa kalekale kuti mwana wa chiweto amene sanayamwe make sakhalitsa, koma chifukwa chake chinadziwika mochedwa. M'chaka cha 1892, Paul Ehrlich wa ku Germany ankapatsa mbewa poizoni wa ricin, wopezeka m'njere za nsatsi, pang'onopang'ono mpaka matupi awo atazolowera kulimbana naye. Kenako anasinthanitsa ana: ana a mbewa zosazolowera anawapereka kuti ayamwe kwa mbewa zozolowera. Anawo anapeza chitetezo kudzera mu mkaka, koma patapita nthawi chinazirala. Pamenepo Ehrlich anasiyanitsa chitetezo chimene thupi limadzipangira, chomwe chimakhalitsa, ndi cholandira kwa wina, chomwe chimatha.

Za ng'ombe zinamveka bwino ku Rockefeller Institute, ku Princeton m'dziko la America. Mu 1921, Paul Howe anapeza kuti magazi a thole longobadwa alibe mtundu wina wa mapuloteni, ndipo kuti mapuloteniwo amaonekera tholelo likangomwa chithuwi. Chaka chotsatira, mu 1922, Theobald Smith ndi Ralph Little anagawa mathole m'magulu awiri. Mathole 10 analoledwa kuyamwa chithuwi, ndipo onse anakhala ndi moyo. Mathole 12 anamanidwa. 8 anafa, lina linaphedwa litatsala madzi amodzi. Chimene chinawapha sanali matenda achilendo. Anali mabakiteriya wamba a m'matumbo, amene lero timati E. coli, omwe analowa m'magazi n'kufalikira thupi lonse popanda chowaletsa. Papita zaka zoposa 100, ndipo kafukufuku yense wapambuyo pake wangoonjezera tsatanetsatane pa mfundo yomweyo.

Zimene zili mu chithuwi

Ng'ombe imayamba kukonza chithuwi kutatsala masabata angapo kuti iswe. Pa nthawi imeneyo mawere amakoka IgG m'magazi n'kuiunjika mkati mwake, ndipo ntchitoyi imaima pamene ng'ombe ikuswa. Lita imodzi ya chithuwi chabwino imakhala ndi magalamu 50 a IgG kapena kuposerapo, pamene lita ya mkaka wamasiku onse sifika ngakhale galamu imodzi. Mapuloteni onse pamodzi amafika pafupifupi 14 pa 100, pamene mu mkaka wamba amangopitirira 3 pang'ono. Mafuta nawo ndi ambiri, ndipo ndiwo nkhuni zimene thole lonyowa limasonkhera moto wa m'thupi usiku wozizira wa mwezi wa June. Muli vitamini A wambiri, amene thole limabadwa naye wochepa zedi. Muli maselo amoyo a chitetezo, muli zinthu zokulitsa matumbo, ndipo chithuwi chimathandiza kutulutsa chimbudzi choyamba chakuda chija.

Apa pali phunziro limene limawawa kwa mlimi wa ng'ombe imodzi. Kuti mawere akonze chithuwi bwino, ng'ombe iyenera kusiya kukamidwa kwa miyezi pafupifupi iwiri isanaswe. Kwa banja limene sopo, mchere ndi fizi zimachokera mu chigubu, miyezi iwiri yopanda mkaka ndi yaitali, ndipo mtima umafuna kukamabe mpaka kumapeto. Koma ng'ombe yokamidwa mpaka tsiku loswa imapereka chithuwi chochepa ndi chosalimba. Ndalama za masabata omalizawo zimalipiridwa ndi thole. Chimodzimodzi ng'ombe yowonda ndi njala ya m'chilimwe: imabereka thole lofooka, lochedwa kuimirira, ndipo nthawi zambiri mawere ake sakhala ndi zambiri.

Ng'ombe ikangoswa, mkaka weniweni umayamba kutsika n'kumasungunula chithuwi. Ofufuza anapeza kuti kudikira maola 14 musanakame koyamba kumachepetsa mphamvu yake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pofika kukama kwachitatu, mivi imene yatsalamo sifika theka la ija ya poyamba. Chithuwi chenicheni ndi cha kukama koyamba.

Khomo limene limatsekeka

Munthu wamkulu akadya nyama kapena dzira, mimba imaphwanya mapuloteni kukhala tizidutswa tating'onoting'ono. Thole likanachita zomwezo ndi chithuwi, mivi ija ikanathyoka isanafike m'magazi. Koma m'maola oyamba mimba ya thole simakhala ndi asidi wambiri, ndipo m'chithuwi momwemo muli chinthu chofooketsa timadzi togaya mapuloteni. Komanso maselo a m'matumbo aang'ono a thole longobadwa ali ndi luso limene sadzakhalanso nalo: amameza mapuloteni athunthu n'kuwaolotsera m'magazi.

Khomo limeneli limakhala lotseguka kwambiri m'maola 4 oyamba. Akadutsa maola 6 limayamba kubwerera mofulumira, pa maola 12 latsala kampata, ndipo pofika maola 24 latsekeka. Palibe mankhwala olitsegulanso. Madzi akatayika saoleka: thole limene lamwa malita anayi a chithuwi chabwino pa tsiku lachiwiri lakhuta, koma magazi ake akadali opanda kanthu.

Pali zinthu ziwiri zokhudza khomoli zimene mlimi aliyense ayenera kuzidziwa. Choyamba, silisankha wolowa. Mabakiteriya akafika m'matumbo chithuwi chisanafike, nawonso amadutsira pomwepo kulowa m'magazi. Thole limene layamba layamwa ubweya wandowe wa pamimba pa make posaka bere layamba ndi mdani. Chachiwiri, chakudya chimene chalowa chikhoza kufulumizitsa kutsekeka. Kumwetsa thole mkaka wamba kapena madzi a shuga poyamba, n'cholinga choti chithuwi chibwere pambuyo, ndi kuwononga mwayi umene subwera kawiri.

Khomo likatsekeka sikuti chithuwi chatha ntchito. Mkaka wa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ukadali ndi mivi yambiri kuposa mkaka wamba, ndipo ngakhale siilowa m'magazi, imalondera m'matumbo momwemo, kulimbana ndi mavairasi otsekula m'mimba monga rotavirus. Mkaka umene gulu likukana m'masiku amenewa si wa agalu kapena nkhumba. Mwini wake ndi thole.

Liti, chochuluka bwanji, chabwino bwanji, chaukhondo bwanji

Pa funso la nthawi yankho ndi ili: m'maola awiri oyamba ngati n'kotheka, ndipo asadutse maola 6. Pa kuchuluka, muyezo umene akatswiri ambiri amagwirizana ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thole. Thole la Friesian la makilogalamu 40 lifunika malita 4. Thole laling'ono la makilogalamu 20 lifunika malita 2. Cholinga ndi chakuti thole lalikulu lilandire magalamu 150 mpaka 200 a IgG khomo likadali lotseguka, kenako limwenso pasanathe maola 12.

Pano pamabuka mtsutso weniweni: kodi si bwino kungolisiya thole liyamwe lokha monga mwa chilengedwe? Yankho limadalira ng'ombe yake. Ng'ombe zathu zachikuda zimatulutsa mkaka wochepa koma chithuwi chake chimakhala cholimba, mawere ake ndi aang'ono osavuta kugwira, ndipo zimasamala ana awo kwambiri, mwakuti zambiri sizitsitsa mkaka thole likakhala palibe. Kwa izi, kuyamwa ndiye njira yabwino, bola munthu aone ndi maso kuti tholelo lagwiradi bere ndipo likumeza. Ngozi imakhala pa ng'ombe yoswa koyamba imene ikukankha mwana wake, pa yoswera kudambo popanda woona, ndi pa khola la matope a m'dzinja.

Ng'ombe zamkaka zamakono, monga zimene alimi a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje amaweta m'makola, ndi nkhani ina. Zinasankhidwa kuti zizitulutsa mkaka wambiri, ndipo kuchuluka komweko kumasungunula chithuwi. Mawere a ng'ombe yaikulu amalendewera pansi, pamene thole mwachibadwa limasaka m'mwamba, kufupi ndi mimba. Likhoza kutha maola likugunda ntchafu za make, mwini khola ataimirira poteropo akuganiza kuti likuyamwa. Kafukufuku wa m'makola a ng'ombe zamkaka waonetsa mobwerezabwereza kuti mathole ambiri osiyidwa okha salandira chitetezo chokwanira. Choncho kwa ng'ombe zoterezi, ndi bwino kukama n'kumwetsa ndi botolo la nsonga, kuti mudziwe malita amene alowa. Thole lofooka losatha kuyamwa limamwetsedwa ndi kapaipi kolowetsa kummero, koma izi zimafuna munthu amene waphunzitsidwa ndi alangizi a ziweto, chifukwa kapaipi kakasochera, mkaka umapita m'mapapo. Kutsanulira chithuwi kukamwa kwa thole logona n'koopsa pa chifukwa chomwecho.

Ubwino wa chithuwi sudziwika bwino ndi maso. Pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa Brix refractometer, komwenso amayezera shuga m'madzi a nzimbe. Mukadonthezapo chithuwi n'kuwerenga 22 kapena kuposa, ndiye kuti chafika pa magalamu 50 aja. Sikafuna magetsi, ndipo gulu la alimi likhoza kukhala nako kamodzi kobwerekana. Popanda kachipangizoka, kayikirani chithuwi chamadzimadzi, chosakanikira magazi, chochokera m'bere lotupa, kapena cha ng'ombe imene inkadontha mkaka isanaswe. Ng'ombe zimene zaswapo kangapo kawirikawiri zimapereka cholimba kuposa zoswa koyamba, chifukwa zaona matenda ambiri, komabe cha yoswa koyamba si chotaya.

Ukhondo ndi mbali imene imaiwalika. Chithuwi ndi chakudya chabwino kwa mabakiteriya monga chilili kwa thole, ndipo m'ndowa yosiyidwa potentha amachulukana kawiri pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Kuwonjezera pa kudwalitsa, mabakiteriyawo amakola mivi ija m'matumbo n'kuchepetsa imene ikanalowa m'magazi. Tsukani mawere ndi kuwapukuta, sambani m'manja, tsukani ndowa ndi botolo ndi madzi otentha, ndipo mwetsani nthawi yomweyo. Musawiritse. Moto wambiri umapha mivi n'kusandutsa chithuwi phala. M'mafamu akuluakulu amachitenthetsa pa madigiri 60 kwa mphindi 60, muyezo umene umapha tizilombo tambiri osawononga IgG, koma zimenezi zimafuna chipangizo chosunga kutentha mosasintha, osati mbaula.

Zikalephereka

Thole limene silinalandire chitetezo silioneka pa tsiku loyamba. Limadumpha ngati anzake. Zizindikiro zimabwera pambuyo: kutsekula m'mimba kosamva mankhwala, mchombo wotupa ndi wamafinya, maondo otupa, chifuwa ndi chibayo, kapena kufa mwadzidzidzi m'masiku atatu oyamba. Madokotala a ziweto amatsimikiza poyeza magazi a thole la tsiku limodzi mpaka 7. IgG ikachepera magalamu 10 pa lita, kubwereka kwalephereka. Mu 2020, gulu la akatswiri ku America linanena kuti kungodutsa 10 sikokwanira, ndipo linaika magalamu 25 kapena kuposa ngati mlingo wabwino koposa, chifukwa mathole ofika pamenepo amadwala mocheperapo.

Dziko lomwelo likuonetsa kuti vutoli limagonja. Kafukufuku wa boma wa mu 1991 ndi 1992 anapeza kuti mathole aakazi oposa 40 pa 100 alionse m'makola a ng'ombe zamkaka analibe chitetezo chokwanira. Pofika 2014 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pansi pa 15.  Alimi anayamba kumwetsa msanga, kumwetsa chambiri ndi kuyeza.

Ngakhale thole lopulumuka limanyamula chipsera. Limakula pang'onopang'ono, limachedwa kufika pokweredwa, ndipo limadya ndalama za mankhwala. Kwathu kuno kutayako kumapitirira pakhomo pamodzi. M'magulu ambiri a alimi a mkaka, mlimi amalandira ng'ombe ndi pangano lakuti thole lalikazi loyamba adzapatsira mnzake. Tholelo likafa pa sabata yachiwiri, banja lina limene linamanga kale khola ndi kudzala nsenjere limadikiranso chaka china.

Mbuzi, nkhumba ndi ziweto zina

Kwa mbuzi ndi nkhosa lamulo ndi lomwelo, kungoti miyezo ndi yaing'ono. Kamwana kamafunika mamililita 50 pa kilogalamu iliyonse pa kumwa koyamba, ndi pafupifupi 200 pa kilogalamu m'tsiku loyamba lonse. Ka makilogalamu awiri, ndiye kuti mamililita 100 poyamba ndi 400 pofika mawa lake. Vuto limakula pa mapasa ndi atatu, pamene wamphamvu amatsiriza mawere wofooka asanaimirire. Nsonga ya bere nthawi zina imakhala yotsekeka ndi kaphula, ndipo kungofinya kamodzi kapena kawiri kumatsegula njira.

Nkhumba imaswa patatha masiku 114, ndipo ana amabadwa mmodzimmodzi kwa maola angapo. Chithuwi chake chimakhala cholimba poyamba n'kumatsika mphamvu kwambiri m'maola 12 oyamba, komanso kuchuluka kwake sikukwera chifukwa choti ana achuluka. Womaliza kubadwa amapeza anzake atakhuta kale. Kamwana ka nkhumba kamabadwa ndi mafuta ochepa kwambiri m'thupi, motero kakachedwa kuyamwa kamazizidwa, kakazizidwa kamalephera kuyamwa, ndipo mapeto ake make amakagonera. Kalikonse kamafunika magalamu pafupifupi 250. Alimi odziwa amachotsa ana akuluakulu okhuta n'kuwaika m'bokosi lofunda kwa ola limodzi, kuti ang'onoang'ono ayamwe popanda kulimbirana.

Nkhuku ilibe mawere, koma nayo imabwereketsa. Felix Klemperer anaonetsa mu 1893 kuti thadzi limaika chitetezo chake m'kachikasu ka dzira. Mwanapiye amaswedwa ndi chotsalira cha kachikasuko m'mimba, ndipo chimamuteteza kwa masabata awiri kapena atatu. Thadzi lolandira katemera wa chitopa limateteza anapiye ake m'masiku oyambawo.

Nanga munthu? Popeza IgG analandira kale kudzera mu nsengwa, khanda silidalira khomo lija monga thole. Koma mkaka woyamba wa mayi uli ndi mtundu wina wa mivi, wotchedwa IgA, umene umakuta matumbo a khanda. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mwana ayamwe m'ola loyamba, ndipo azamba amaletsa kufinyira pansi mkaka wachikasu uja ngati wonyansa.

Make akafa kapena akauma

Chithuwi chabwino koposa pambuyo pa cha make ndi cha ng'ombe ina yathanzi ya m'khola lomwelo kapena loyandikana nalo, imene yaswa tsiku lomwelo. Pamene pali firiji, chotsala cha kukama koyamba chimasungika tsiku limodzi kapena awiri pozizira, ndipo chikaumitsidwa kukhala ayezi chimatha chaka. Posungunula, ikani botolo m'madzi ofunda amene dzanja likhoza kupirira. Gulu limene lili ndi magetsi oziziritsira mkaka likhoza kusungira mamembala ake nkhokwe yotere. Ana a mbuzi ndi nkhosa amasiye akhoza kumwa chithuwi cha ng'ombe, ngakhale kuti mwa apo ndi apo chimachepetsa magazi mwa ana a nkhosa.

Pali chisakanizo chakale chimene alimi amauzana, cha dzira laliwisi, mkaka, madzi ofunda ndi mafuta pang'ono a nsatsi. Chimapatsa thole mphamvu ndi kutsegula njira ya chimbudzi, ndipo pamene palibiretu china ndi bwino kuposa njala. Koma tisadzinamize: mulibe mivi ya ng'ombe. Thole loleredwa motero liyenera kusungidwa pouma, paukhondo, patali ndi ziweto zodwala, ndipo mchombo wake upakidwe ayodini.

Tiyeneranso kuvomereza kuti njira imene imanyamula chitetezo ikhoza kunyamula matenda. TB ya ng'ombe, matenda otayitsa bere a brucellosis ndi matenda owondetsa a Johne's zimadutsa mu mkaka. Chithuwi cha ng'ombe yotsokomola, yowonda mosadziwika bwino kapena imene inatayapo bere sichoyenera kupatsa thole la ina, ndipo kusakaniza cha ng'ombe zambiri m'ndowa imodzi kumafalitsa matenda a imodzi kwa mathole onse. Ku Europe, cha m'ma 2007, kunabuka vuto la mathole otuluka magazi pakhungu ndi m'kati mwa thupi. Zinadzapezeka kuti amayi awo analandira katemera wina amene anawapangitsa kusula mivi yolasa maselo a mathole awo omwe, ndipo katemerayo anachotsedwa pamsika mu 2010. Zoterezi n'zosowa, koma zikuonetsa kukula kwa mphamvu imene imadutsa pa khomo lija.

Chobwereka chimatha

Mivi yobwereka siiberekana. Pa masabata atatu alionse, pafupifupi theka la imene yatsala limatha. Pa nthawi yomweyo asilikali a thole amakhala akuphunzira kusula yawo. Pakati pa kutha kwa yobwereka ndi kukwanira kwa yakeyake pamakhala kampata ka masabata angapo pamene thole limagwidwa msanga ndi matenda, ndipo thole limene linabwereka zochepa limafika pa kampatako msanga, likadali lanthete. Chithuwi chimagula nthawi. Khola louma, madzi abwino ndi chakudya chokwanira ndizo zimagwiritsa ntchito nthawiyo.

Mivi ya make imakhudzanso katemera. Thole likabayidwa likadali ndi yambiri, imagwira katemerayo ngati mdani n'kumuthetsa mphamvu asilikali ake asanaphunzirepo kanthu. N'chifukwa chake akatemera ambiri amadikira miyezi ingapo kapena amabwerezedwa. Njira yanzeru yotetezera wakhanda ndi kutemera make kutatsala masabata angapo kuti aswe, monga amachitira ndi katemera wa E. coli, rotavirus ndi coronavirus mwa ng'ombe, kuti miviyo ikhale itaunjikana m'mawere. Koma katemera wa make amapita pachabe ngati mwana sanamwe chithuwi pa nthawi yake. Pa chifukwa chomwechi, kugula ng'ombe yotsala masiku ochepa kuti iswe n'kuisamutsira kutali kuli ndi ngozi yobisika: phodo lake ladzaza ndi mivi ya adani a khola lakale, pamene thole lidzabadwira pakati pa adani ena.

Pa ulimi wa ziweto pali zambiri zimene mlimi sangazilamulire: mvula, mtengo wa madeya, mtengo wa mkaka, mliri wochokera kutali. Tsiku loyamba la thole silili m'gulu limenelo. Silifuna ngongole kapena mankhwala ochokera kunja. Limafuna kuti tsiku limene ng'ombe inakweredwa lilembedwe, kuti kukama kuleke pa nthawi yake, kuti pogona pakhale udzu wouma, botolo likhale lotsuka, tochi ikhale ndi mabatire, ndipo wina pakhomopo avomere kusagona usiku umodzi. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba ali m'munda, poona kuti mbewu imene yafooka pomera siidzalimbanso ngakhale mutaithirira chotani. M'khola, poyambapo pali ndi malire ake owerengeka: maola 24, ndipo abwino koposa ndi anayi oyamba. Ng'ombe inagwira ntchito yake kwa masabata, kusonkhanitsa m'mawere zonse zimene thupi lake linaphunzira pa moyo wake wonse. Chotsalira ndi kamtunda kochepa kochokera ku bere kukafika kukamwa kwa thole, ndipo kamtunda kameneko kali m'manja mwa mwini khola.